Mtunda ndi womwewo, nanga bwanji maola a pandege amasiyana popita ndi pobwerera?

Funso la wowerenga: "Ndikufuna kumvetsa mmene amawerengera nthawi ya ulendo wa pandege. Ndinaona kuti kuchoka ku London kupita ku New York ndi makilomita pafupifupi 5,500, ndipo amati ndege imathamanga makilomita 900 pa ola. Nditagawa ndinapeza maola 6. Koma tikiti ikunena maola 8 popita ndi maola 7 pobwerera. Chinanso, nthawi yonyamuka yalembedwa 10:00, yofika 13:00, ngati kuti ndi maola atatu okha. Cholondola n'chiti pamenepa?"

Manambala onse mwatchulawo ndi oona, kungoti lililonse likuyeza chinthu chake. Maola 6 amene mwapezawo ndi a ndege yomwe ili kale m'mwamba, ikuuluka mowongoka, pa liwiro limodzi, mumlengalenga mopanda mphepo. Ndege yotero kulibe. Maola a pa tikiti amayambira pamene ndege yasuntha pa geti mpaka pamene yaima pa geti la kumene ikupita, ndipo pakati pa mageti awiriwo pamachitika zambiri zomwe masamu ogawa mtunda ndi liwiro sadziwa.

Tiyambe ndi maola atatu aja, chifukwa ndiwo osavuta. Nthawi zonse zolembedwa pa tikiti zimakhala za wotchi ya pamalopo: yonyamuka ndi ya mzinda wonyamukira, yofika ndi ya mzinda wofikira. New York ali kumbuyo kwa London ndi maola 5, choncho 13:00 ya ku New York ndi 18:00 ya ku London. Kuchoka 10:00 kufika 18:00 ndi maola 8. Njira yosaphonya ndi kusandutsa nthawi zonse ziwiri kukhala za UTC, wotchi imene oyendetsa ndege padziko lonse amagwiritsa ntchito, kenako n'kuchotsera. Samalani ndi mayiko amene amasuntha mawotchi m'nyengo yotentha. America imasuntha Lamlungu lachiwiri la Malichi pomwe Britain imadikira Lamlungu lomaliza la mweziwo, ndiye kwa milungu iwiri kapena itatu kusiyana kwa London ndi New York kumakhala maola 4, osati 5. Zimachitikanso kwa mlungu umodzi kumapeto kwa Okutobala. Mayiko ena sasiyana ndi maola athunthu: India ali patsogolo pa UTC ndi maola 5 ndi theka, Nepal ndi maola 5 ndi mphindi 45. Kachizindikiro ka +1 pambali pa nthawi yofika kakutanthauza tsiku lotsatira. Wochoka ku Los Angeles usiku kupita ku Sydney amaona +2, ngakhale ulendowo ndi wa maola pafupifupi 15 okha, chifukwa amadutsa mzere wosinthira tsiku pakati pa nyanja ya Pacific.

Tsopano mtunda. Nambala imene mumaipeza mukafunsa kutalika kwa pakati pa mabwalo awiri a ndege ndi ya njira yaifupi kwambiri pamwamba pa dziko lozungulira, yomwe akatswiri amaitcha great circle. Kuti muione ndi maso, tengani mpira wojambulidwa mapu a dziko ndi kaulusi. Panikizani nsonga imodzi pa London ndi chala, ina pa New York, n'kukoka ulusiwo mpaka utauma. Mudzaona kuti sukutsetsereka kulowera kummwera monga mmene mapu afulati amakuganizitsirani. Ukudutsa pa Ireland, kuwoloka nyanja ya Atlantic chakumtunda, kukhudza dera la Newfoundland ku Canada, kenako n'kutsika m'mbali mwa gombe. New York ali kummwera kwa London ndi madigiri oposa 10, komabe ndege imayamba ulendo italoza chakumpoto pang'ono kwa kumadzulo. Pa mapu afulati njira imeneyi imaoneka yokhota ngati uta, anthu n'kumaganiza kuti ndege ikuzungulira. Amene akunama ndi mapuwo, chifukwa amatambasula madera oyandikira kumpoto ndi kummwera kwenikweni kwa dziko.

Mtundawu mungathe kuuwerengera nokha ndi kakyuleta yokhala ndi sin ndi cos. Mufunika latitude (madigiri a kumpoto kapena kummwera kwa ikweta) ndi longitude (madigiri a kum'mawa kapena kumadzulo kwa Greenwich ku London) ya bwalo lililonse. Bwalo la Heathrow ku London lili pa madigiri 51.47 kumpoto ndi 0.45 kumadzulo. Bwalo la John F. Kennedy (JFK) ku New York lili pa 40.64 kumpoto ndi 73.78 kumadzulo. Chulukitsani sin ya latitude yoyamba ndi sin ya yachiwiri: 0.7823 ndi 0.6513 zikupereka 0.5095. Kenako chulukitsani cos ya latitude yoyamba, cos ya yachiwiri, ndi cos ya kusiyana kwa ma longitude, komwe pano ndi madigiri 73.33: 0.6229, 0.7588 ndi 0.2869 zikupereka 0.1356. Phatikizani ziwirizo, mupeza 0.6451. Funsani kakyuleta kuti ndi ngodya iti yomwe cos yake ndi 0.6451, ikuuzani madigiri pafupifupi 49.8. Digiri imodzi pamwamba pa dziko ndi makilomita pafupifupi 111.2, ndiye mtunda ndi makilomita 5,540 kapena kuposerapo pang'ono. Makompyuta amene amawerengera kuti dziko si mpira weniweni, koma ndi lophwatalala pang'ono kumpoto ndi kummwera, amapeza makilomita ena khumi ndi angapo pamwamba pake. Kusiyana kumeneko n'kwa mphindi imodzi ya ulendo, musavutike nako. Zomwe zimasokoneza anthu ambiri pamasamuwa n'ziwiri: kusiya kakyuleta ili pa ma radian m'malo mwa madigiri, ndi kuiwala kuti bwalo la kummwera kwa ikweta latitude yake imalembedwa ndi chizindikiro chochotsera. Ngati bwalo lina lili kum'mawa kwa Greenwich ndipo linzake lili kumadzulo, ma longitude mumaphatikiza, simuchotsera.

Onaninso kuti nambalayo ili m'miyezo iti. Mailosi a pamtunda ndi mamita 1,609, pomwe mailosi a panyanja, amene oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito, ndi mamita 1,852. Ulendo womwewu ndi makilomita 5,550, mailosi a pamtunda 3,450, kapena mailosi a panyanja pafupifupi 3,000. Ndipo werengerani bwalo ndi bwalo, osati mzinda ndi mzinda. London ili ndi Heathrow, Gatwick, Stansted, Luton ndi City. New York ili ndi JFK, LaGuardia ndi Newark. Zilembo zitatu za pa tikiti, monga LHR kapena JFK, ndizo zimakuuzani bwalo lenileni.

Ndege siitsata ulusi uja ndendende. Imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, ndiye tsiku lina imathamangira kum'mawa pamene ulendo uli wakumadzulo, n'kukatembenukira m'mwamba. Pochoka ndi pofika pali njira zoikika zomwe owongolera kayendedwe ka ndege amalamula kuti ndege zisayandikane. Pamwamba pa Atlantic chakumpoto, njira zimakonzedwa mwatsopano tsiku ndi tsiku malinga ndi kumene mphepo ili. Mitambo ya mabingu amaizungulira, salowamo. Pa ulendo wabwinobwino zonsezi zimangowonjezera gawo laling'ono pa mtunda, koma mlengalenga mwa dziko lina mukatsekedwa nkhani imasinthiratu. Chiyambire Febuluwale 2022 ndege za makampani a ku Ulaya sizidutsa pamwamba pa Russia, ndipo ulendo wa Finnair wochoka ku Helsinki kupita ku Tokyo, womwe unkatenga maola 9 ndi chinachake, unafika pa maola pafupifupi 13. Mabwalo sanasunthe, mtunda wa pa mapu ndi womwewo, koma maola anayi awonjezeka. Palinso lamulo la ndege za injini ziwiri lotchedwa ETOPS, lomwe limanena kuti ndege isatalikirane ndi bwalo loti ingatere mwadzidzidzi kupitirira mphindi zakutizakuti ikuuluka ndi injini imodzi. Kale malire anali mphindi 60, zomwe zinkakakamiza ndege kukhotera kufupi ndi mtunda. Ndege zamakono zimaloledwa mphindi 180 kapena kuposa, moti lamuloli tsopano limamveka makamaka pa nyanja zakummwera, kumene mabwalo ndi osowa.

Liwiro la makilomita 900 pa ola nalonso lili ndi malo ake. Ndi la ndege zikuluzikulu za maulendo ataliatali, monga Boeing 787 kapena Airbus A350, zikafika pamwamba pa mamita 10,000 mpaka 12,000. Oyendetsa amaliyeza poyerekeza ndi liwiro la phokoso, amati Mach 0.85, kutanthauza magawo 85 pa 100 a liwirolo. Ndege zocheperapo monga Boeing 737 ndi Airbus A320 zimayenda pa Mach 0.78, pafupifupi makilomita 830 pa ola. Za mapulopela n'zochedwa kwambiri: ATR 72 imachita pafupifupi 500. Ndipo palibe ndege imene imayamba ndi liwiro lake lonse. Kukwera kumatenga mphindi 20 mpaka 30. M'mayiko ambiri ndege siloledwa kupitirira ma knot 250, omwe ndi makilomita pafupifupi 460 pa ola, ikakhala pansi pa mafiti 10,000. Kutsika kumayambira kutali: oyendetsa amawerengera mailosi atatu a panyanja pa mafiti 1,000 alionse, ndiye ndege yomwe ili pa mafiti 35,000 imayamba kutsika kutatsala makilomita pafupifupi 200, ndipo liwiro limanka licheperachepera mpaka pa msewu woterapo.

Koma chimene chikusiyanitsa maola 8 ndi maola 7 pa tikiti yanu ndi mphepo, ndipo apa m'pofunika kukhazikikapo. Ndege imauluka mkati mwa mpweya monga bwato limayendera m'madzi a mtsinje. Liwiro la 900 lija ndi la ndege poyerekeza ndi mpweya woizungulira. Ngati mpweyawo ukuyenda, liwiro la ndege poyerekeza ndi nthaka limakwera kapena kutsika. Pamtunda umene ndege zimaulukapo pali mikwamba ya mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, yomwe imaomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Nthawi zambiri imathamanga makilomita 150 mpaka 250 pa ola, ndipo m'nyengo yozizira imatha kupitirira 300. Wopita kum'mawa imamukankha, wopita kumadzulo imamubweza. N'chifukwa chake okonza njira amalowetsa dala ndege zopita ku Ulaya mkati mwa mphepoyo, koma zopita ku America amazipatutsa, ngakhale zitanthauze kuwonjezera mtunda. Njira yaifupi pa nthawi si nthawi zonse imakhala yaifupi pa makilomita.

Yesani ndi manambala. Tinene kuti njira ndi makilomita 5,600, ndege ikuchita 880 pa ola mumpweya, ndipo mphepo ya ulendo wonse ikuchita 130. Popanda mphepo ndi maola 6 ndi mphindi 22. Mphepo ili kumbuyo, liwiro la pansi ndi 1,010, ulendo n'kukhala maola 5 ndi mphindi 33. Mphepo ili kumaso, liwiro ndi 750, ulendo n'kukhala maola 7 ndi mphindi 28. Taonani chinthu chimene ambiri sachiyembekezera: mwapindula mphindi 49 mbali imodzi koma mwataya mphindi 66 mbali inayo. Mphepo sibweza zonse zimene yalanda, chifukwa ndege imakhala nthawi yaitali ikulimbana nayo kuposa nthawi imene ikukankhidwa. Mukakhala m'ndege yokhala ndi kasikirini kumbuyo kwa mpando, yang'anani nambala ya ground speed (liwiro la pansi) ndi ya tailwind (mphepo ya kumbuyo) kapena headwind (mphepo ya kumaso). Popita ku London mungaone 1,050, pobwerera ndege yomweyo, injini zikulira chimodzimodzi, n'kumaonetsa 760.

Mphepo ikalusa zimafika podabwitsa. Mu Febuluwale 2020, pa nthawi ya namondwe wotchedwa Ciara, Boeing 747 ya British Airways inachoka ku New York kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56. Liwiro lake poyerekeza ndi nthaka linapitirira makilomita 1,200 pa ola, koma sinapitirire liwiro la phokoso, poti mumpweya umene inalimo inkayenda monga mwa masiku onse. Yomwe inkapitiriradi liwiro la phokoso inali Concorde, yomwe mu Febuluwale 1996 inayenda njira yomweyi m'maola osakwana atatu.

Ena amati kusiyanaku kumabwera chifukwa dziko likuzungulira pansi pa ndege. Zikanakhala choncho, wopita kumadzulo ndiye akanamafika msanga, popeza dziko limazungulira kulowera kum'mawa ndipo New York akanamabwera kudzakumana naye. Zoona zake n'zosemphana. Mpweya umazungulira limodzi ndi dziko, ndege nayonso imanyamuka ili kale ndi liwiro limenelo. Kuzungulira kwa dziko kumalowamo mwa njira ina: ndiko kumapotoza mpweya woyenda kuchokera kotentha kupita kozizira mpaka kukhala mphepo yolowera kum'mawa. Ichi n'chifukwa chake kummwera kwa ikweta zinthu n'zofanana: Johannesburg kupita ku Sydney ndi maola pafupifupi 12, koma kubwerera ndi pafupifupi 14. Maulendo olunjika kumpoto kapena kummwera amangoidula mphepoyo m'mbali, ndiye sasiyana kwenikweni. London ndi Johannesburg, makilomita oposa 9,000 pang'ono, ndi maola pafupifupi 11 mbali zonse ziwiri.

Chatsala ndi nthawi ya pansi. Ndege ikaima pa geti amaika zotsekera kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala kuti isagubuduke. Wotchi ya kampani imayamba pamene zotsekerazo zachotsedwa ndipo galimoto yokankha yayamba kubweza ndege, n'kudzaima pamene zaikidwanso kumene yafika. Nthawi imeneyi amaitcha block time, ndipo ndiyo ili pa tikiti yanu. M'kati mwake muli kuyatsa injini, kuyenda pang'onopang'ono kupita ku msewu wonyamukira, ndi kudikira pamzere. Pa bwalo laling'ono zonsezi ndi mphindi 10. Pa JFK madzulo zingathe kupitirira theka la ola. Pofika pa bwalo lodzaza ngati Heathrow, ndege imatha kuuzidwa kuti izizungulira m'mwamba kudikira mpata. Pamwamba pa zonsezi makampani amawonjezerapo mphindi zina mwadala, chifukwa ndege imawerengedwa kuti yafika pa nthawi yake ngati sinachedwe kupitirira mphindi 15, ndipo palibe kampani imafuna mbiri yochedwa. Woyendetsa akalengeza kuti "tiuluka maola 7 ndi mphindi 10" pamene tikiti ikuti maola 8, sakutsutsana ndi tikitiyo. Iye akunena za kuchoka pamene matayala anyamuka mpaka pamene agunda pansi.

Mukafuna kuyerekeza nokha nthawi ya pa tikiti, pa ulendo wautali gawani makilomita ndi 860, muwonjezere mphindi 40. London ndi Johannesburg: 9,050 kugawa ndi 860 ndi maola 10 ndi theka, kuwonjezera mphindi 40 ndi maola 11 ndi mphindi 10. London ndi New York: maola 6 ndi mphindi 27, kuwonjezera 40 ndi maola 7 ndi mphindi zochepa. Kenako konzani za mphepo: ngati ulendo uli wodutsa kum'mawa ndi kumadzulo kutali ndi ikweta, wonjezerani mphindi 6 kapena 8 pa ola lililonse popita kumadzulo, ndipo chotsani zocheperapo pang'ono popita kum'mawa. Mukatero mufika pafupi ndi maola 8 ndi maola 7 a pa tikiti yanu aja. Pa ulendo waufupi gawani ndi 750, muwonjezere mphindi 45. London ndi Paris ndi makilomita pafupifupi 350 okha, koma tikiti imanena ola ndi mphindi 15 kapena kuposerapo, chifukwa ndege ikangomaliza kukwera nthawi yotsika yakwana kale, ndipo nthawi ya pansi imatsala pang'ono kufanana ndi ya m'mwamba. Ulendo ukafupika, liwiro la ndege limachepa ntchito. Njira yoyerekezayi imalephera pa ndege za mapulopela, pomwe muyenera kugawa ndi 450 kapena 500, komanso paliponse pamene pali mlengalenga motsekedwa.

Pomaliza kuwerenga tikiti, yang'anitsitsani mawu awiri amene amapusitsa anthu. Nonstop ndi ndege yosaima paliponse. Direct ndi ndege yosasintha nambala ya ulendo, koma ingathe kutera panjira kutsitsa anthu kapena kuthira mafuta, ndipo kuima kotero kumadya ola kapena kuposa. Nthawi zina kuimako kumakhala mbali imodzi yokha. Bwalo la Bole ku Addis Ababa lili pamtunda wa mamita oposa 2,300. Mpweya wa pamenepo ndi wopepuka, injini ndi mapiko sizikoka mokwanira, ndiye ndege yodzaza anthu ndi katundu singanyamuke ndi mafuta onse ofunika kukafika ku America molimbana ndi mphepo. N'chifukwa chake maulendo ena a Ethiopian Airlines opita ku North America akhala akuima panjira kukathira mafuta, pomwe pobwerera amafika osaima.

Ngati muli ndi ndege ina yolumikiza, musadalire kuti woyendetsa adzabweza nthawi imene yatayika ponyamuka. Mpata wake ndi wochepa kwambiri. Kukweza liwiro kuchoka pa Mach 0.84 kufika pa 0.86 kumangopulumutsa mphindi pafupifupi 9 pa ulendo wa maola 6 ndi theka, ndipo kumadya mafuta ochuluka. Ndege yonyamuka mochedwa ndi mphindi 30 ikafika pa nthawi yake, yapulumutsidwa ndi mphindi zowonjezera zija zomwe zinali kale mu ndandanda, kapena ndi mphepo ya tsikulo. Ulendo wolowera kumadzulo m'miyezi yozizira ndi umene mphepo ingadye mphindi zowonjezerazo zonse, choncho pa ulendo wotero siyani mpata wa maola awiri kapena atatu musanakwere ndege yachiwiri, makamaka ngati pabwalopo mukuyenera kudutsa kwa oona za mapasipoti ndi kutenganso katundu wanu.